Lachiwiri: mlendo m'laputopu ya mphwanga

Kwacha ndi chiperoni, phiri silikuoneka n'komwe kuchokera kuno ku Matawale. Ndisanamalize tiyi, mphwanga anali atatsika kale pa kabaza kuchokera ku Chikanda, chikwama kumsana. Laputopu yake ndi ija ndinam'patsa atasankhidwa ku Chanco, ThinkPad yakale yomwe ndinafufutamo Windows n'kuikamo Debian, mtundu wina wa Linux. Akuti yadzaza, ikukana kusunga ngakhale fayilo imodzi ya kusukulu.

Chodzazitsa ndinachipeza msanga: mavidiyo a mpira wa ku England, miyezi inayi yathunthu. Zimenezo tinakambirana mwachidule, iye akuyang'ana pansi.

Koma pofufuzapo ndinalowa mu foda yobisika ya .mozilla, momwe Firefox, browser yotsegulira masamba a intaneti, imasunga zinthu zake, ndipo mkati mwake ndinaona ina yotchedwa gmp-widevinecdm. Kutsegula, muli fayilo ya libwidevinecdm.so. Ndinafunsa dpkg, kalondolondo wa Debian amene amadziwa phukusi lomwe fayilo iliyonse inabwera nalo. Anayankha kuti ameneyu sakumudziwa.

"Iwe, ichi unaika liti?"

"Ine sindinaikemo kanthu, amalume."

Sananame. Titakumbutsana, zinadziwika kuti tsiku lina anatsegula Spotify pa Firefox, pamwamba panatuluka kamzere konena kuti nyimbo sizilira pokhapokha atalola DRM, njira yokhomera nyimbo ndi mafilimu kuti anthu asakopere. Anadina. Ndani sangadine? Kudina kumodziko Firefox inapita yokha kukatenga Widevine, pulogalamu ya Google yomwe kampaniyo inagula mu 2010, n'kuikhazika m'kati. Kuyambira pamenepo imadzitengera yokha yatsopano ikatuluka, osafunsanso, pa bandulo yomweyo amalira nayo tsiku ndi tsiku.

Ndinam'fotokozera ntchito yake momwe ndikuidziwira. Nyimbo kapena filimu ya pa Spotify ndi Netflix imafika ili yokhoma. Widevine ndiye amakapempha kiyi kwa eni ake, n'kutsegula pang'onopang'ono kuti umve kapena uone, koma osakupatsa kiyiyo m'manja, kuopa kuti ungakopere. Kuti zimenezi zitheke, mkati mwake muyenera kukhala mobisika kwa mwini kompyuta. Apa ndi pomwe zimandiwawa. Pulogalamu zonse za Debian zomwe ndinam'ikira munthu atha kuziwerenga, kuzisintha, kugawira mnzake. Iyi yokha ndi bokosi lomata, ndipo ntchito yake ndi kulondera iweyo m'nyumba mwako momwe. N'chifukwa chake a Richard Stallman, omenyera mapulogalamu aufulu, amati R wa mu DRM akuimira zoletsa (restrictions), osati ufulu (rights) monga amanenera eni mafilimu.

Chilungamo chake, Firefox ya pa Linux imayamba yafunsa, ndipo Widevine imam'tsekera m'kachipinda kakekake kuti asamayendeyende m'mafayilo a munthu. Zoipitsitsa zinachitikapo kwina. Mu 2015 anthu a Debian anapeza kuti browser ina, Chromium, ikudzitengera mwakachetechete kapulogalamu kotsekedwa komvetsera mawu oti "OK Google", popanda kufunsa aliyense. Panabuka phokoso mpaka anakachotsa.

A Mozilla, eni ake a Firefox, nawo sanalowe m'zimenezi akumwetulira. Mu May 2014 analengeza kuti alola DRM, poyamba ya Adobe, chifukwa ma browser ena akuluakulu anali atavomera kale, ndipo munthu amene filimu yamukanira sadandaula kawiri, amangosamuka. Widevine inafika pa Firefox ya Linux mu 2016. Chaka chotsatira bungwe la W3C, lomwe limakhazikitsa malamulo a kayendedwe ka masamba a intaneti, linavomereza njira imeneyi, yotchedwa EME, a Tim Berners-Lee, amene ankalitsogolera, atagwirizana nayo. Bungwe la EFF, lomenyera ufulu wa anthu pa intaneti, linatuluka mu W3C chifukwa cha nkhani yomweyi.

Ndikulalikira chonchi, mnyamata anangotola foni yanga patebulo n'kuitembenuza.

"Nanga iyi, amalume? Si Android iyi?"

Ndinakhala chete. Widevine ali m'foni imeneyo kuyambira tsiku lomwe ndinaigula, ndipo palibe kamzere kanandifunsa. Mwana wa mlongo wanga ameneyu lilime analitengera kwa mayi ake.

Anapitiriza: bandulo amagula yekha, nyimbo akumvera mwa njira yovomerezeka, osati zokopera pa memory card m'tauni, ndiye alakwa pati? Ndinati sanalakwe, koma walira mvula walira matope. Chomwe ndikukana ine ndi choti munthu adine mawu achingerezi osadziwa kuti walowetsa ndani. Akadadziwa n'kuvomera, ndi zake. Kamzere kaja kamakupeza nthawi yomwe mtima uli pa nyimbo, ndipo nthawi imeneyo palibe amene amawerenga.

Masana tinadya nsima ya matemba a ku Chilwa, kenako tinagwirizana pakatikati. M'makonzedwe a Firefox ndinachotsa kachongi pa "Play DRM-controlled content". Kubwerera mu foda ija, Widevine anali atachoka, chifukwa ukazimitsa pamenepo Firefox imam'fufuta ndipo siyikam'tenganso. Kenako pa about:profiles ndinam'pangira profile yachiwiri, ngati Firefox ina yapayokha, ya nyimbo zokhazokha, momwe analola DRM ndi dzanja lake, nthawi ino akudziwa chomwe akuchita. Ya kusukulu ndi maimelo yakhala yopanda mlendo.

Ananyamuka cha m'ma 4 koloko, chifunga chitayamba kutsikira ku Mulunguzi. Ndinam'patsa ya kabaza. Mdima utagwa anatumiza uthenga pa WhatsApp kufunsa kuti profile ya nyimbo ija amaitsegula bwanji, wayiwala. Ndinam'lembera njira yake, pa foni yomwe ija.