Mankhwala odontheza m'khutu angagonthetse galu: nkhani ili pa nembanemba imene simukuiona

Galu akamapukusa mutu usiku wonse, akukanda khutu mpaka kulira, khutulo likununkha ngati chinthu chowola, mwini wake amangofuna kabotolo ka mankhwala odontheza basi. Nthawi zambiri kabotoloko kamathandizadi. Koma alipo agalu ena amene pakangotha masiku angapo akudonthezedwa amasiya kucheuka mukawaitana. Chitseko chikulira, mbale ikugwa, iwo ali gone. Fungo latha, kukanda kwatha, kumva nakonso kwapita. Sizichitika kawirikawiri, ndipo asapezeke wina wosiya kuchiza galu wake chifukwa cha mantha, poti matenda a m'khutu ongolekerera nawonso amagonthetsa. Koma pamene zachitika, nthawi zambiri mupeza kuti palibe amene anayang'ana m'kati mwa khutulo dontho loyamba lisanagwe.

Khutu la galu silili ngati lathu. Ngalande yake imayamba yatsika pansi, kenako n'kukhota kulowera m'kati mwa mutu ngati chilembo cha L. Kumapeto kwake kuli nembanemba yopyapyala, yotuwira ndi yowala pang'ono, imene imanjenjemera phokoso likafika. Kuseri kwa nembanembayo kuli kachipinda ka fupa kodzaza mpweya, khutu lapakati, momwe muli timafupa titatu topatsirana kunjenjemerako. Mukapitirira pamenepo mwafika ku khutu lam'kati, lokwiririka m'chigaza. M'menemo muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, komwe ndiko komvera, ndi timachubu ta madzi tothandiza galu kuima ndi kuyenda osadzandira. M'kankhonoko muli maselo okhala ndi titsitsi tosaoneka ndi maso. Maselo amenewa akafa afa basi. Mwa galu, ngati mwa munthu, samera ena.

Mankhwala ambiri odontheza amapangidwa poganiza kuti akathera kunja kwa nembanemba. Ikakhala yabwinobwino imakhala ngati chitseko chotseka. Ikabooka, mankhwala amatsikira m'khutu lapakati n'kukakhazikika pa kawindo kozungulira kolekanitsa khutu lapakati ndi lam'kati. Kawindoko kali ndi kachikopa kake kopyapyala, ndipo mankhwala ambiri amalowerera pamenepo ngati madzi pa nsalu.

Chovuta n'chakuti nembanembayo imabooka ndi matenda omwewo amene mukulimbana nawo, ndipo imabisika nthawi yomwe ikufunika kuonedwa. Mabakiteriya otchedwa Pseudomonas aeruginosa, aja otulutsa mafinya achikasu mobiriwira ndi fungo logwetsa mphuno, amadya khungu la m'ngalande kukhala zilonda, ndipo nembanemba sakuisiya. Agalu ambiri amene khutu lawo lakhala likuvuta miyezi ndi miyezi amakhala kuti matendawo analowa kale m'khutu lapakati. Nthawi zina nembanemba inabooka n'kudzitsekanso, mafinya ali kuseri. Ngalande ikatupa ndi kudzaza phula, ngakhale dokotala wa ziweto wodziwa ntchito, atenge kachipangizo kake kounikira m'khutu, amangoona mdima. N'chifukwa chake dokotala wosamala amayamba wapatsa galu mapiritsi ophwetsa kutupa monga prednisolone kwa sabata imodzi kapena awiri kuti njira itseguke, kapena amamugonetsa ndi mankhwala n'kutsuka mpaka aione nembanembayo. Akalephera kuiona, amaiyesa ngati yobooka ndipo amasankha mankhwala motsatira zimenezo. Ine ndimaona kuti lamulo lake ndi lomweli, ndipo palibe chidule.

Zilipo zizindikiro zina zimene mwini galu angazione yekha. Mukadontheza mankhwala, galu n'kuyamba kumeza, kutsokomola kapena kutulutsa timadzi m'mphuno, dziwani kuti mankhwalawo adutsa, chifukwa khutu lapakati lili ndi kanjira kotsikira kukhosi. Galu amene akumva kuwawa poyasamula kapena potafuna chinthu cholimba, amene mlomo wake wagwa mbali imodzi, amene diso limodzi silikuphethira kapena mwana wa diso wachepa kuposa winayo, ameneyo vuto lake lafika m'khutu lapakati, momwe mumadutsa minyewa ya nkhope ndi ya diso. Galu wotere musamudontheze kanthu.

Kugontha kwake kulipo kuwiri, ndipo kusiyanitsa n'kofunika. Kwina n'kongotsekeka njira. Mafinya, kutupa, kapena mankhwala amafuta olimba akaunjikana pa nembanemba, phokoso silifika, monga zimakhalira mukatseka makutu ndi zala. Kumeneku kumatha khutu likayera. Kwinako n'kwa maselo aja a m'kankhono, ndipo akafa ambiri sikubwerera. Poyang'ana kunja simungadziwe kuti galu wanu ali ndi kuti.

Mankhwala otchuka pa kuononga maselowa ndi opha mabakiteriya a gulu la aminoglycoside: gentamicin, neomycin, amikacin, tobramycin, kanamycin ndi streptomycin. Neomycin, amikacin ndi kanamycin amakonda kugunda pa kumva, pamene gentamicin ndi streptomycin amafulumira kusokoneza timachubu ta kuima bwino tija, ngakhale onse angathe kuchita zonse ziwiri. Amayambira kutsinde kwa kankhono, komwe kumamveka mawu okwera kwambiri, osongoka ngati a likhweru. Galu amamva mawu okwera kufika cha m'ma 45,000 Hz (Hz ndi muyezo wa kunjenjemera kwa mawu pa sekondi) pamene munthu amalekera pa 20,000 Hz, ndiye kutayika koyambako inu simukuzindikira. Mumangoona kuti likhweru sakulilabadira, koma mukalankhula ndi mawu a besi akubwera. Choipa china n'chakuti mankhwalawa akalowa m'khutu lam'kati amakhalamo nthawi yaitali, moti kuonongeka kungapitirire ngakhale mutasiya kudontheza. Polymyxin B, amene ali m'mankhwala odontheza otchedwa Surolan, nayenso sayenera kufika kuseri kwa nembanemba.

Gentamicin ali m'mankhwala odziwika ngati Otomax, Mometamax ndi Easotic. Kapepala ka m'bokosi la Otomax kamanena mosabisa kuti agalu ochepa, makamaka okalamba, anagontha pang'ono kapena kotheratu atawagwiritsa ntchito, kuti nthawi zambiri kumvako kumabwerera, ndiponso kuti nembanemba ionedwe kaye. Muyezo wake ndi madontho 4 kwa galu wosakwana makilogalamu pafupifupi 14, madontho 8 kwa woposa pamenepo, kawiri pa tsiku, masiku 7. Anthu ambiri amalakwa pa masikuwa. Khutu likapanda kupola amapitiriza sabata yachiwiri, yachitatu, kenako kabotolo kamasungidwa kuti kadzagwire ntchito matenda akadzabwerera chaka chamawa, nembanemba ili mumkhalidwe wina umene palibe akuudziwa.

Kunena chilungamo, nkhani ya gentamicin siyophweka choncho. Mu 1995, George Strain ndi anzake a ku Louisiana State University anadontheza gentamicin wosungunulidwa m'madzi m'makutu a agalu amene nembanemba zawo zinabooledwa dala, kwa masabata 3, ndipo sanapeze kugontha. Izi sizikutanthauza kuti mankhwalawa ndi osaopsa. Khutu labwinobwino lobooledwa ndi dokotala si lofanana ndi khutu lotupa la galu wazaka 12. Koma zikusonyeza kuti mlandu suli pa dzina la mankhwala lokha. Mafuta ndi zosungunulira zimene amasakanizamo, msinkhu wa galu ndi mmene khutu lilili, zonsezi zili ndi mbali yake. Galu akafika zaka 8 mpaka 10 kumva kumayamba kuchepa kokha, ndiye amene anatsala ndi maselo ochepa kale sachedwa kuonekera akataya ena pang'ono.

Masiku ano kuli mankhwala oika kamodzi kapena kawiri n'kuiwala. Claro amaikidwa kamodzi kokha, mililita 1, ndipo khutu silitsukidwa masiku 30. Osurnia amaikidwa kawiri, motalikirana masiku 7, ndipo khutu silitsukidwa masiku 45 kuchokera pa tsiku loyamba. Kwa galu wolusa amene salola kugwiridwa khutu tsiku ndi tsiku, amenewa ndi chipulumutso. Koma ubwino wawo womwewo ndiwo vuto lawo: anapangidwa kuti amatirire, ndiye zinthu zikavuta simungangoti ndasiya. Agalu ena anapezeka atagontha, atapendeketsa mutu kapena diso litauma atalandira mankhwalawa. Amayenera kuikidwa ndi dokotala amene waiona nembanemba ndi maso ake, ndipo mphaka asayandikire nawo n'komwe.

Zotsukira m'khutu anthu amazitenga ngati madzi wamba, chonsecho zina n'zoopsa kuposa mankhwala enieniwo. Zosungunula phula zokhala ndi propylene glycol, carbamide peroxide kapena dioctyl sodium sulfosuccinate zimatupitsa khutu lapakati ndipo zingaononge kumva. Chlorhexidine wamphamvu, wa 2 kapena 4 peresenti uja wotsukira khungu ndi zilonda, asalowe m'khutu. Amene amaikidwa m'zotsukira makutu amakhala wosungunulidwa kwambiri. Sipiriti, viniga, ayodini, hydrogen peroxide ndi mafuta a tea tree, zonsezi zimawawa pa chilonda ndipo kuseri kwa nembanemba sizifunikako. Pamene pali chikaiko, chotsukira chodalirika ndi madzi a mchere a 0.9 peresenti, omwe aja a m'diripi. Madokotala amadaliranso chotsukira chotchedwa Tris-EDTA, ndipo pa mankhwala opha mabakiteriya amasankha enrofloxacin, marbofloxacin kapena ciprofloxacin wosungunulidwa m'madzi, osati m'mafuta.

Manja nawonso amaboola nembanemba. Timitengo ta thonje tija timakankhira phula ndi mafinya pakona pa L paja n'kuziphatika pa nembanemba yofooka kale. Sirinji yolowetsedwa mpaka kutseka ngalande yonse, n'kukankha mwamphamvu, madzi amasowa kobwerera ndipo amaphulitsa malo ofewa. Kutsuka koyenera, ngati dokotala walola, n'kosavuta: kwezani tsamba la khutu m'mwamba kuti ngalande iwongoke pang'ono, thirani chotsukira mlomo wa botolo usanatseke njira, sisitani patsinde pa khutu masekondi 20 mpaka 30 mpaka mumve kaphokoso ka madzi, musiyeni galu apukuse mutu, kenako pukutani ndi thonje pokhapo pamene chala chanu chikufika. Botolo mulifumbate kaye m'manja kuti lifunde, chifukwa madzi ozizira m'khutu amabweretsa chizungulire ngakhale kwa galu wabwinobwino.

Chinthu chimene ambiri sachita, chonsecho n'chaulere, ndi kuyesa kumva kwa galu musanayambe mankhwala. Dikirani ali maso koma atadekha, akuyang'ana kwina. Imani kumbuyo kwake patali mamita awiri kapena atatu, pamene sakukuonani ngakhale chithunzithunzi chanu. Gwedezani makiyi kapena imbani likhweru mosakweza, muone ngati makutu agwedezeka kapena mutu wacheuka. Musapondetse phazi pansi ndipo musaombe m'manja pafupi ndi mutu wake, poti adzamva kugwedezeka kwa pansi kapena kamphepo, inu n'kumati akumva. Musabwerezenso kambirimbiri nthawi imodzi chifukwa amazolowera n'kusiya kulabadira. Chitani zomwezo tsiku lililonse pamene akulandira mankhwala. Galu wogontha khutu limodzi amapusitsa: amamva ndithu, koma amacheukira kolakwika, ndipo akagonera khutu labwinolo amagona ngati wafa. Chotsimikizira chenicheni ndi kuyeza kotchedwa BAER, kumene amalasa timawaya tating'ono pansi pa khungu la mutu, n'kuliza timaphokoso m'khutu lililonse palokha, makina akujambula mmene ubongo ukuyankhira.

Mukaona kuti kumva kwatsika, kapena galu wapendeketsa mutu, akuzungulira malo amodzi, akudzandira, akusanza, kapena maso ake akuthamangathamanga okha uku ndi uku, musadontheze dontho lina. Pitani naye kwa dokotala tsiku lomwelo, kabotolo ndi bokosi lake zili m'manja. Iye adzatsukuluza khutulo ndi madzi a mchere ofunda kuti achotse zotsalira, nthawi zambiri galu atagonetsedwa ndiponso ataikidwa chubu chopumira kukhosi, kuopa kuti madzi odutsa pa nembanemba yobooka angatsikire m'mapapo. Musayese kutsukuluza nokha ndi zimene zili m'nyumba. Ngati kunali kutsekeka chabe, kumva kumabwerera m'masiku kapena masabata ochepa. Agalu ena amachira pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, ena osachira. Kudzandira kumatha msanga chifukwa ubongo umaphunzira kudalira maso ndi khutu linalo, ngakhale mutu ungatsale wopendekeka pang'ono. Nembanemba yokha imapola m'masabata 3 mpaka 5 ngati matenda agonjetsedwa.

Jakisoni wa gentamicin kapena amikacin amafika m'khutu lam'kati kudzera m'magazi, nembanemba ikhale yabwino kapena yobooka. Amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndiye galu wa impso zofooka kapena amene thupi lake lauma madzi amawasunga nthawi yaitali. Ngati galu wanu akumwa furosemide chifukwa cha mtima, muuzeni dokotala asanalembe chilichonse, chifukwa awiriwa akakumana amaonjezerana mphamvu yoononga khutu.

Ndipo khutu limene likudwala kachitatu pa chaka silikusowa kabotolo kena. Kawirikawiri pansi pake pamakhala ziwengo, nthata za m'khutu, kanjere ka udzu kokakamira kapena kachotupa m'ngalande. Dokotala akatenga timafinya pa kathonje n'kuyang'ana pa maikulosikopu, mphindi zochepa zomwezo amadziwa ngati muli mafangasi a Malassezia okha, amene safuna gentamicin n'komwe, kapena mabakiteriya, ndi a mtundu wanji. Khutu lodonthezedwa mongolota zaka ndi zaka limakhuthala, ngalande n'kuuma ngati fupa, mpaka chotsala n'kukhala opaleshoni yochotsa ngalande yonseyo, ndipo pofika pamenepo galuyo amakhala atasiya kale kumva bwino ku mbali imeneyo.