Mlandu wa N ndi M

M'nyumba mwanga muli makompyuta akale asanu kapena asanu ndi anayi, malinga ndi amene akuwerenga. Ine ndimawerenga okhawo amene amayaka. Mayi a kunyumba amawerenga chilichonse chimene chikudya malo. Koma pa onsewo, imene ndimacheza nayo madzulo ndi Commodore 64, mtundu wa makina umene unayamba kugulitsidwa mu 1982. Ukangoiyatsa, usanakhale n'komwe bwinobwino pampando, sikirini yabuluu yatulukira kale, n'kukuuza kuti 38911 BASIC BYTES FREE, pansi pake mawu amodzi okha: READY. Sifunsa pasiwedi, sikuuza kuti udikire ikudzikonza kaye. Yangokonzeka basi, ngati mwana womvera.

Musaganize kuti ndi chokongoletsera pashelefu. Imagwira ntchito. Ndinailembera kapulogalamu kanga ka BASIC, chilankhulo cholembera mapulogalamu ake, kosunga mndandanda wa madisiki ndi makaseti anga, ndimaseweretsapo magemu, ndipo nthawi zina ndimangoisiya iziimba. Mkati mwake muli chip yotchedwa SID, imene anaikonza Bob Yannes, ya mawu atatu okha, koma mawu atatuwo akagwirizana, munthu wamkulu ndi ndevu zake amapezeka akugwedeza mutu yekhayekha m'chipinda.

Zina zimene ndinaisinthira zinali zanzeru, ndipo ndikufuna zilembedwe ndisanayambe kudziyalutsa. Ndinachotsa chopatsira magetsi chake chakale n'kuika chatsopano, chifukwa zakalezo zikakalamba zimatha kupitirira mavoti 5 amene makinawa amafuna, n'kuwotcha memori. M'malo modalira chowerengera madisiki cha 1541, chimene n'chachikulu ngati njerwa ziwiri koma disiki yake imangosunga pafupifupi 170 KB, ndinalumikiza kachipangizo ka SD2IEC kowerenga memori khadi. Apa ndikanaima, bwenzi lero ndilibe nkhani.

Chinandilowa n'chakuti chigoba chake chinkaoneka chachikasu. Pulasitiki ya makina amenewa ikakhala zaka zambiri pa kuwala ndi kutentha imasintha mtundu. Pa intaneti ndinaonera anthu akupaka zigoba zotere mankhwala a hydrogen peroxide, n'kuzikulunga m'pepala la pulasitiki loonekera mkati, n'kuziyanika padzuwa. Zikamatuluka zili mbee. Ndinati nanga ine ndilibe manja?

Loweruka lina ndinamasula makina onse. Chigoba ndinachipaka mankhwala n'kuchikulunga, koma pulasitikiyo ndinaikulunga ngati munthu amene basi ikumusiya, makwinya ponseponse. Ndili mkati modikira dzuwa kuti ligwire ntchito yake, ndinayang'ana kiyibodi n'kuona kuti nayonso ili ndi litsiro la zaka makumi anayi. Ndiye ndinayamba kuzula mabatani. Alipo 66. Ambiri a iwo pansi pake pamakhala kasipuling'i, ndipo kasipuling'i kameneka kakhala m'ndende kuyambira kalekale, kotero ukangochotsa batani kamadumpha kulowera kumene kakudziwa kokha. Ndinakwawa pansi pa tebulo maulendo osawerengeka.

Mayi a kunyumba anandipeza ndili chogwada, mabatani ali yandayanda m'beseni la madzi a sopo.

"Bambo, mwajambula chithunzi musanazule?"

"Chithunzi cha chiyani?"

"Cha mmene anakhalira. Kuti mudzadziwe pobwezera."

Ndinaseka. Ndinawauza kuti kiyibodi imeneyi ndakhala ndikuigwira kwa zaka zambiri, ndingathe kuibwezera ngakhale atandimanga nsalu kumaso. Iwo anangoti, "Chabwino," n'kutuluka. Amene ali pabanja akuidziwa "chabwino" ameneyu.

Madzulo ndinakatenga chigoba. Pamene pulasitiki inagona bwino panayera, pamene inachita makwinya panatsala mizere. Kompyuta yanga inasanduka mbidzi. Pambuyo pake m'pamene ndinazindikira kuti mtundu woyamba wa Commodore 64 sunakhalepo woyera chiyambire. Unkatuluka kufakitale uli wotuwa mopita kofiirira. Ndiye kuti tsiku lonse ndinkalimbana ndi khungu lake lobadwa nalo. Komabe ndinadzitonthoza kuti mbidzi nayo ndi nyama yokongola, ndipo chofunika ndi zamkati.

Mabatani atauma ndinawabwezera. Kunena zoona ndinadzigometsa. Kiyibodi imeneyi ili ndi zachilendo zambiri: batani la RUN/STOP, la RESTORE, la chizindikiro cha ndalama ya paundi, ndi mabatani awiri okha oyendetsera kasa, kabokosi kophethira pasikirini, mbali zonse zinayi. Zovuta zonsezi ndinaziika m'malo mwake popanda kuphonya. Zilembo wamba ndinkangoponyamo ndikuimba mluzu.

Ndinayatsa. READY. Ndinalemba LOAD, pulogalamu inabwera. Ndinalemba LIST, mizere yonse inatsika bwinobwino. Kenako ndinalemba RUN, lamulo loti pulogalamu iyambe kuyenda.

Pasikirini panatuluka RUM. Pansi pake, ?SYNTAX ERROR, kutanthauza kuti makinawo sanamve zimene ndalemba.

Ndinabwereza pang'onopang'ono, chala chimodzi, maso ali pa batani. R, U, N. Makina anati RUM. Ndinayesa PRINT, anati PRIMT. Ndinayesa NEW, anati MEW, ngati mphaka. Nditadina M, panatuluka N.

Pano ndiyenera kuulula kanthu kena. Ngakhale ndakhala ndi makompyuta kwa zaka zonsezi, ndimalemba ndi zala ziwiri, maso ali pa kiyibodi, ngati nkhuku yotola pansi. Chimene chalembedwa pa batani, kwa ine ndiye lamulo. Choncho maganizo oti mwina batani ndi limene likunama sanandifikire n'komwe. Wolakwa anali kompyuta. Ndipo popeza ndine munthu wowerenga, ndinapita kukawerenga.

Zimene ndinapeza zinandilimbitsa mu uchitsiru wanga. Kiyibodi ya Commodore 64 ilibe waya wakewake pa batani lililonse. Ili ngati ukonde wa mawaya asanu ndi atatu opingasa ndi asanu ndi atatu otsika, ndipo pamene awiri akumana pali batani. Zimenezi zimapereka mabatani 64. Awiri otsalawo, RESTORE ali ndi njira yakeyake, SHIFT LOCK amangokwera pamsana pa SHIFT wakumanzere. Nditayang'ana chithunzi cha ukondewo, ndinaona kuti pa waya umodzi pali 9, I, J, 0, M, K, O ndi N. Mwaona? M ndi N pa waya umodzi! Ndinaimirira pampando. Ndinakauza mayi a kunyumba kuti ndapeza gwero la vuto, ndipo ndi lozama kwambiri moti munthu wamba sangalimvetse. Anandifunsa ngati beseni lawo ndathana nalo.

Kwa milungu iwiri ndinkagwiritsabe ntchito makinawo mozemba: ndikafuna N ndimadina M, ndikafuna M ndimadina N. Zinkayenda ndithu. Koma mtima sunkagona. Munthu sungamakhale m'nyumba imodzi ndi kompyuta yabodza.

Ndinayamba ndi kiyibodi yeniyeniyo. Kuti uitsegule kunsi, umamasula timasikuluu tambirimbiri tating'ono ngati nyerere, komanso uyenera kusungunula mtovu pa mawaya awiri a SHIFT LOCK. Ndinachita zonsezo, ndinapukuta bolodi mpaka kuwala, ndinapima waya uliwonse ndi mita yoyezera magetsi. Zonse zinali bwino. Ndinabwezera, timasikuluu tiwiri n'kutsala patebulo, monga mwa mwambo wa amisiri onse. Ndinayatsa. RUM.

Ndiye panatsala wokayikiridwa mmodzi. Mkati mwa Commodore 64 muli ma chip awiri ofanana otchedwa CIA, nambala yake 6526. Dzinali lisakuopseni, si akazitape a ku America aja. Yoyamba imamvetsera kiyibodi ndi zoseweretsera magemu, yachiwiri imalankhula ndi chowerengera madisiki ndi zina zolumikiza kunja. Popeza ndi mapasa, akatswiri amati ukakayikira imodzi, uzisinthanitse uone ngati vuto lisamuke. M'makina ena ma chip amenewa amangokhala m'soketi, umangozula ndi kubwezera. Mwa anga anawotchereredwa pa bolodi. Iliyonse ili ndi miyendo 40.

Miyendo 80, abale anga. Ndinatha mausiku atatu ndi chowotcherera m'manja, ndikuyamwa mtovu kabowo kamodzikamodzi, utsi uli kumaso, msana ukulira. Kawiri ndinagwira chowotchereracho kumene sikugwiridwa, ndipo mawu amene ndinatulutsa sali m'buku la BASIC. Usiku wachitatu mayi a kunyumba anasuzumira pakhomo.

"Kodi si ija inkagwira ntchito bwinobwino mwezi wathawu?"

"Ndikuikonza."

"Inawonongeka liti?"

"Pamene ndinayamba kuikonza," ndinatero mumtima. Pakamwa ndinangoti akagone.

Ndinaika masoketi atsopano, ndinasinthanitsa mapasa aja, ndinayatsa. Sikirini yabuluu inabwera, READY anabwera, koma kasa, kabokosi kaja kamene kamaphethira kudikira kuti ulembe, kunalibe. Ndinadina mabatani onse, zii. Tsopano N ndi M anagwirizana: onse awiri sankatuluka. Nditazula chip ndinapeza kuti mwendo umodzi unapindikira pansi, sunalowe m'soketi. Ndinauwongola mosamala ndi kapulayala. Unawongoka. Ndinati ndiuwongolenso pang'ono kuti ukhale bwino kwambiri. Unathyoka, thyo, n'kugwera pa kapeti kumene kunapita masipuling'i aja.

Kampani ya Commodore inagwa mu 1994, ndiye chip yotereyi sungangoipeza paliponse. Umasaka kwa anthu osunga zakale, amene amazula m'makina ena akufa. Ndinaitanitsa imodzi, n'kudikira milungu itatu, mbidzi yanga ili gone patebulo, mimba ili pamtunda. Itafika ndinaiika ndi manja onjenjemera, ndikuwerenga miyendo ngati mayi wowerenga zala za khanda. Ndinayatsa. Kasa anaphethira. Chimwemwe chake sindingachifotokoze. Ndinapuma kaye, n'kulemba R, U, N.

RUM.

Ndinakhala duu kwa nthawi yaitali. Kenako ndinagonja. Ndinavomereza kuti mwina mankhwala aja analowa penapake posaoneka, kapena makinawa angokalamba ndipo ayamba kusokoneza mayina ngati agogo. Ndinabwerera ku moyo wozemba uja, kudina M pofuna N, kwa mwezi wina wathunthu. Ndinafika mpaka poyamba kulemba kapulogalamu koti kazitembenuza zilembo ziwirizo kompyuta ikangoyaka.

Mwana wanga wamkazi atabwera kutchuthi anandipeza ndili pa ntchito imeneyi. Iyeyu ndi wa m'badwo uja wolemba ndi zala zonse khumi, maso ali kwina, pakamwa akulankhula nkhani ina. Ndinamufotokozera mbiri yonse ya matendawa, za ukonde wa mawaya, za mapasa a CIA, za mwendo wothyoka. Anamvetsera mwaulemu. Kenako anapempha kuti ayese. Ndinamupatsa mpando, ndikumwetulira ngati sing'anga amene akudziwa kuti wodwalayu sachira.

Osayang'ana pansi n'komwe, analemba RUN. Pasikirini panatuluka RUN. Pulogalamu inayamba kuyenda.

"Wachita bwanji?"

"Ndangolemba, adadi."

"Bwereza."

Anabwereza. PRINT, NEW, dzina lake, dzina langa, zonse zolondola. Ndinayamba kuganiza kuti makinawa ali ndi tsankho. Ndiye mwanayo anatsitsa maso kwa nthawi yoyamba, n'kuyang'ana kiyibodi. Anakhala chete. Anatulutsa foni yake, anatsegula polembera uthenga, n'kuigoneka pambali pa mabatani anga.

"Adadi, tawerengani mzere wapansiwu pafoni."

"Z, X, C, V, B, N, M."

"Nanga panu?"

"Z, X, C, V, B, M..."

Mawu anandithera pakhosi. Ndinakumbukira Loweruka lija, mluzu uli pakamwa, mabatani awiri omaliza ali m'manja. Mutu wanga unaimba kanyimbo ka alifabeti ka ku sukulu, L, M, N, ndipo manja anamvera. Kiyibodi yolondola ndinali nayo m'thumba masiku onsewo. Ina inali pa laputopu, mkono umodzi kuchokera pamene ndinkawotcherera miyendo 80 ija.

Mwanayo anazula mabatani awiriwo ndi zikhadabo, anagwira masipuling'i asanathawe, n'kuwasinthanitsa. Sipanathe mphindi. Kenako anathamangira kwa mayi ake, ndipo kuseka kumene kunachokera kumeneko ndikukhulupirira kuti anakumva ngakhale oyandikana nafe. Patapita kanthawi mayi a kunyumba anabwera akupukuta misozi. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangotulutsa foni yawo, n'kujambula kiyibodi ija, thwa, n'kunditumizira.

"Musunge, bambo. Mwina mudzafunanso kuichapa."

Atatuluka onse ndinatseka chitseko, ndinakhala pansi, ndinasisita mbidzi yanga pamsana n'kuipepesa chamumtima. Ndinaizimitsa, n'kuiyatsanso kuti tiyambe moyo watsopano. READY. Ndinaika pulogalamu yanga, ndipo zala ziwiri zija, zimene kwa miyezi iwiri ndi theka zinali zitaphunzira bwino ntchito yake, zinapita zokha kumene zinazolowera.

RUM.

?SYNTAX ERROR