Zikomo nonse amene munanditolera magalasi m'matope

Lachisanu lapitali ndinakapereka ma kaleidoscope 30, timapaipi tosuzumiramo tokhala ndi magalasi ndi mikanda, ku sukulu ya pulayimale imene inandipatsa oda kumayambiriro kwa chaka. Ndinawanyamula m'makatoni awiri pa Sacramento, njinga ya kabaza, mnyamata wa njingayo akupalasa mofatsa ngati wanyamula mazira. Pobwerera ndinayenda wapansi, ndipo njira yonse ndinkawerenga mumtima anthu amene manja awo ali m'makatoni amenewo. Ndi ambiri, moti kuyenda khomo ndi khomo sindingamalize. Mayina sinditchula, poti ena mwa inu simukonda zoonekera, koma aliyense adzizindikira yekha.

Usiku wina mu Epulo, mvula itagwa masiku atatu osakata, khoma la shedi yanga kuno ku Chibavi mu Mzuzu linagwa. Linali la zidina, ndipo madzi anali atalidya kale kunsi. Tinamva chiphokoso cha m'ma 2 koloko. Mayi a ana anandigwira mkono kuti ndisatuluke mpaka kuche, ndipo anachita bwino chifukwa denga nalo linatsatira. Kutacha ndinapeza ma kaleidoscope 22 amene ndinali nditamaliza ali pansi pa dothi ndi malata. Magalasi amene ndinatolera kwa zaka zitatu anali zidutswa zokhazokha. Pofukula ndi manja ndinadzicheka pachikhatho, bala lakuya, kuchipatala anandisoka masitichi 7. Linali dzanja lamanja, lomwe ndimagwirira chodulira magalasi.

Oyamba kuwathokoza ndi aneba. Pobwera kuchipatala ndinapeza abambo atachotsa kale malata, amayi atakhala pakhonde ndi sefa yakale ya ufa, akusefa matope kuti apulumutse mikanda. M'beseni munali tizidutswa tamagalasi totsukatsuka. Mayi wina wachikulire, amene nthawi zonse amandilankhula m'Chitumbuka ine n'kumayankha m'Chichewa, anangodzutsa mutu n'kunena kuti, "Phepani chomene, adada," basi n'kupitiriza kusefa. Yewo chomene, amama. Mikanda yofiira ija munapulumutsa ili m'manja mwa ana a sukulu lero.

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga musanachionepo chinthu ndikunenachi. Ana a kuno amangochitcha chosuzumira. Ndi paipi yotalika masentimita 25 kapena kuposerapo pang'ono, m'kati mwake muli magalasi oonera nkhope awiri kapena atatu, odulidwa motalika, oyang'anizana. Kumapeto kwina kuli kabowo koikapo diso, kwinako kuli kachipinda ka mikanda ndi tizidutswa tamitundumitundu. Ukasuzumira n'kumatembenuza, galasi lililonse limabwereza zimene linzake likuonetsa, ndiye timikanda tochepa timasanduka duwa lalikulu ngati la pachitenje. Anachitulukira ndi David Brewster, wasayansi wa ku Scotland, mu 1816, akufufuza za kuwala, ndipo dzinalo analisoka ndi mawu a Chigiriki onena za kuona maonekedwe okongola. Ndimakonda kuuza ana kuti anali wa dziko limodzi ndi David Livingstone ndi Robert Laws wa ku Livingstonia, mayina amene kuno kumpoto si achilendo. Luso lakelo analilembetsa mu 1817, koma anthu analikopera msangamsanga, ku London ndi ku Paris n'kumagulitsa zambirimbiri, mwini wake osapezapo phindu lenileni.

Tsopano ndifike kwa inu achimwene amene mumakonza mafotokope ndi mapulinta m'tauni. Zimene munachita ndiyenera kuzifotokoza bwino, chifukwa zasintha ntchito yanga yonse.

Galasi wamba loonera nkhope lili ndi chonyezimira chake, chija timangoti siliva, kumsana. Kuwala kumadutsa kaye m'galasimo, kugunda siliva, n'kudutsanso potuluka, ndipo kwina pang'ono kumabwerera pamwamba pomwe kusanalowe n'komwe. Podziyang'ana nkhope suona vuto. Koma mu kaleidoscope chithunzi chimadumpha kuchoka pagalasi ili kupita pa linzake kangapo, ndiye kachilema kaja kamachulukana. Mizere imaoneka iwiriiwiri, mitundu imazimirira n'kumakokera ku girini. Zaka zonsezi ndinkangopirira, ndikuganiza kuti ndi mmene ziyenera kukhalira.

Atamva za khoma lija, achimwenewa anabwera Lamlungu masana ndi kamtolo kokulunga m'nyuzipepala. Anakatsegula pang'onopang'ono patebulo. Munali timagalasi tatitali, toonda, tochokera m'mafotokope akufa amene anaunjika kuseri kwa shopu yawo. Anapempha pensulo n'kuigunditsa pa chidutswa cha kalilole wanga. Pakati pa nsonga ya pensulo ndi chithunzi chake panatsala mpata. Kenako anaiyandikiza pakona pa galasi lawo, ndipo nsonga ziwirizo zinakumana ndendende. Siliva wa magalasi amenewa ali pamwamba, kuwala sikulowa m'galasi ayi.

"Koma musamagwire ndi zala, achimwene," anatero. "Ndipo musapukute ndi chiguduli. Sachedwa kukalika."

Usiku womwewo ndinamanga awiri ndi selotepi, ndi dzanja lamanzere lokha, n'kuwalozetsa pa mikanda ndikuunika ndi tochi ya foni. Mzere uliwonse unali wakuthwa, chofiira chinali chofiiradi mpaka kumapeto kwa duwa. Ndinadzutsa mayi a ana kuti adzaone. Achimwene, ndalama munakana, mafuta a njinga yamoto amene munawotcha pobwera munakananso. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo.

Magalasi amenewa anakwanira ma kaleidoscope 8 okha. Otsalawo ndinapangira zotsalira zimene anyamata odula magalasi a mawindo pafupi ndi msika waukulu ankandisungira m'katoni m'malo motaya. Kwa mapulambala awiri amene munandipatsa zidutswa za mapaipi, ndi atelala a pafupi ndi msika wa Taifa amene munanditolera tinsalu ta zitenje tokutira mapaipiwo, zikomo kwambiri.

Koma zipangizo zonsezi zikanangokhala pakona, poti dzanja langa linali m'bandeji. Apa ndi pamene mwana wanga wamkazi, amene ali Folomu 3, analowererapo. Sindinamupemphe. Anangobwera tsiku lina kuchokera kusukulu, kuvula yunifolomu, n'kuti, "Ababa, ndionetseni." Mtima unandigunda, chifukwa ndinali nditangoona zimene galasi limachita pa mnofu wa munthu. Ndinamuveka magolovesi ndi magalasi a m'maso, n'kuima pambali pake.

Kudula galasi sikufuna mphamvu. Umaviika kawilo ka chodulira mu palafini, kugoneka rula, n'kukoka kamodzi kokha kuchokera kumapeto mpaka kumapeto osaima panjira. Khutu ndi limene limakuuza ngati zayenda, chifukwa mzere wabwino umalira ngati nsalu ikung'ambika. Ukabwerezanso pamzere womwewo waononga kawilo, ndipo galasi lithyokera kumene lafuna. Ukatero umaika kamtengo ka machesi pansi pa mzerewo n'kudina mbali zonse ziwiri. Tsiku loyamba anaswa zidutswa 7 n'kukalowa m'nyumba osalankhula. Mawa lake anabweranso. Pofika sabata yachiwiri ndinkamva kulira kwa mzere wake ndili kubafa n'kudziwa kuti wadula bwino.

Ndiyenso anandiongola pa za makona. Ine ndinkayeza ndi maso komanso kathabwa kamene ndinasema kalekale. Iye anatulutsa choyezera makona cha m'bokosi la masamu n'kundionetsa papepala kuti ukagawa 360 ndi kona ya pakati pa magalasi awiri, umapeza zigawo za duwa. Madigiri 60 amapereka zigawo 6, madigiri 45 amapereka 8, madigiri 36 amapereka 10, madigiri 30 amapereka 12. Yankho liyenera kukhala nambala yathunthu yogawika ndi 2. Ukaphonya ngakhale pang'ono, zigawo ziwiri zomaliza sizilumikizana, duwa limaoneka long'ambika mbali imodzi. Kung'ambika kumeneko ndinkakuona kwa zaka zambiri osadziwa gwero lake. Anadula tizidutswa ta katoni ta kona iliyonse, ndipo ndi timene tikugwiritsa ntchito mpaka pano. Ukamanga magalasi awiri, mbali yachitatu timatseka ndi katoni yopaka penti wakuda kuti duwa likhale limodzi, lozungulira, pakati pa mdima. Ukamanga atatu ofanana, maluwa amadzaza ponseponse opanda malire. Ine ndimakonda la magalasi awiri, limakhazika mtima pansi, koma ana ambiri amathamangira la atatu. Mwanangu, zimene unachita sindidzaiwala. Dzanja langa lachira tsopano, koma chodulira chija ndi chako.

Ana a m'dera lathu, inunso ndikuthokozeni. Munkabwera Loweruka lililonse ndi majumbo a mabotolo osweka. Girini ndi bulauni sizisowa, buluu ndiye amavuta, moti kamnyamata kena katapeza kabotolo kabuluu kanathamanga nako kosavala nsapato. Chofiira ndi chachikasu tinapeza kwa amakaniko a ku Luwinga, amene anatipatsa zivindikiro zosweka za magetsi a kumbuyo kwa galimoto. Kachidutswa kagalasi kalikonse timakakwecha pamwala ndi madzi mpaka kuthwa kutatha, ndipo ntchito imeneyo sindilola mwana kuigwira. Makolo musade nkhawa, kachipinda ka mikanda timakamata ndi guluu, ndipo kumbali ya diso timatsekako ndi pulasitiki yoonekera yochokera ku makava a ma CD akale, kuti kanthu kasagwere m'diso. Pulasitiki ya kumapeto kwinako timaipala ndi sandipepa kuti kuwala kuzilowa mofatsa.

Amayi a banki m'khonde imene mayi a ana alimo, munatibwereka ndalama ya simenti ndi njerwa zootcha, ndipo mwezi umene tinalephera kubweza simunatichititse manyazi pagulu. Akuluakulu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo inu munazimadi. Shedi yatsopano yaima pa maziko a miyala, ndipo ndakumba ngalande kuzungulira. Mmodzi wa inu ndi amenenso anandifunsa chifukwa chake mikanda imagwa msanga chonchi munthu asanaone bwino. Funso limenelo linandipangitsa kuyesa kudzaza kachipindako ndi gilisalini, yemweyu timadzola khungu likamauma m'nyengo yozizira. Mikanda imatsika pang'onopang'ono ngati ikuyandama, duwa limapitiriza kusintha ngakhale wasiya kutembenuza. Ndaonanso kuti m'mawa wa mu Juni, Mzuzu akazizira mmene amachitiramu, gilisalini amalimba ndipo mikanda imachita ulesi kwambiri kusiyana ndi masana.

Pali agogo ena aamuna a kutchalitchi kwathu amene anasuzumira n'kundibwezera, amvekere akungoona nkhungu. Ndinakhumudwa, koma vuto silinali la magalasi. Diso la munthu wamkulu limavutika kuona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 25, ndipo ukamakalamba mtunda umenewo umatalikirabe. Mankhwala ake ndi kuika galasi la magalasi owerengera pakabowo ka diso. Nditanena zimenezi ku msonkhano wa abambo, Lamlungu lotsatira anandibweretsera magalasi owerengera 9 othyoka miyendo amene ankangokhala m'madilowa. Agogo aja atasuzumiranso anakhala chete nthawi yaitali, kenako anaitana agogo aakazi kuti abwere msanga. Abambo anzanga, zikomo.

Kwa a hedi a sukulu ija, ndinabwera ku ofesi kwanu ndi bandeji, m'thumba muli theka la dipoziti imene munandipatsa, theka linalo litapita ku zipangizo zimene zinali pansi pa khoma. Ndinabwera kudzabweza ndi kupepesa. Munandiuza kuti ndibwezere ndalamayo m'thumba, ndipo munangofunsa kuti dzanja lichira liti. Munadikira miyezi itatu osandiimbira foni yondikumbutsa. Munapemphanso kuti ndipange a makona osiyanasiyana kuti aphunzitsi aziphunzitsira masamu, maganizo amene ine sindikanawapeza ndekha.

Lachisanu lija, titatsegula makatoni m'kalasi, kamnyamata kena ka Sitandade 5 katasuzumira kanatembenuza paipiyo n'kuyang'ana kumapeto kwinako. Kanawerenga ndi chala n'kukuwa kuti, "Aphunzitsi, mikandayi ilipo 9 yokha!" Kenako kanasuzumiranso n'kuyamba kuwerenga zigawo mokweza, anzake atakazungulira akudikira nthawi yawo. Ine ndinatuluka kaye panja, misozi inali pafupi.

Mayi a ana, inu ndakusungirani kumapeto. Miyezi itatu yonseyi pakhomo pano tadya za geni yanu ya mandasi. Munkadzuka 4 koloko kukazinga, madzulo n'kukhala nane pansi kumata nsalu pa mapaipi, ndipo tsiku lililonse munkanditsuka bala. Tsiku lija ndinanena kuti ndisiye zonsezi ndikafune ganyu yomanga, munangotenga beseni la mikanda lija n'kuliika patebulo pamaso panga. Kaleidoscope yoyamba ya magalasi a fotokope sindinaiike m'katoni. Ili pawindo la kuchipinda, ndi yanu.

Amene muli nazo kale, musazisiye padzuwa kapena pamvula, ndipo ana asalozetse kudzuwa posuzumira, kuwala kwa pawindo n'kokwanira. Ikasweka musataye, bweretsani ndidzakonze. Kuyambira Loweruka likubwerali shedi izikhala yotsegula kuyambira 2 koloko masana kwa mwana aliyense wofuna kuphunzira, bola abwere ndi chilolezo cha makolo. Ndipo ngati kwanu kuli kalilole wosweka, mikanda yoduka ulusi, magalasi owerengera othyoka kapena fotokope yakufa, ndiuzeni ndidzatenge ndekha. Buluu ndiye akusowabe.