Mchira umodzi kapena iwiri? Sankhani musanaone zotsatira

Sabata yatha mtsikana wina amene akulemba kafukufuku wa chaka chomaliza anandipeza kunyumba kuno ku Mzuzu ali wokhumudwa. Iye anayerekeza zokolola za chimanga za alimi a ku Ekwendeni amene anathira manyowa a Mbeya ndi za amene anathira feteleza wogula yekha, ndipo kompyuta inamupatsa z (nambala yoyezera kukula kwa kusiyana kwa magulu awiriwo) wa 1.8 ndi p-value (mwayi wopeza kusiyana kwakukulu chotere pamene kwenikweni palibe kusiyana) ya 0.072. Popeza p-value sinatsike kupyola malire a 0.05 amene anadziikira, sakanatha kukana null hypothesis, lomwe ndi ganizo loti palibe kusiyana. Mnzake anamulangiza kuti angosinthira ku one-tailed test, yomwe imayang'ana kusiyana kwa mbali imodzi yokha (mchira umodzi), chifukwa p-value idzatsika n'kufika pa 0.036.

Masamu a mnzakeyo ndi olondola. Mu two-tailed test, yomwe imayang'ana mbali zonse ziwiri, kuchuluka ndi kuchepa komwe (michira iwiri), 0.05 uja amagawidwa pawiri, 0.025 kumchira uliwonse, choncho z ayenera kupitirira 1.96 kapena kutsika kupyola -1.96. Mu one-tailed test, 0.05 yense amaikidwa mbali imodzi, ndipo z akangodutsa 1.645 kumbali imeneyo zatheka. Komabe malangizowo ndi olakwika, ndipo zimandipweteka kuona kuti ophunzira ambiri amawatsatira mosakayika. Munthu amene amayamba waona kumene zotsatira zapendekera, kenako n'kusankha mchira wa mbali imeneyo, wadzipatsa 0.05 kumanja ndi 0.05 kumanzere, kotero kuti mwayi wolengeza kusiyana kumene kulibe wafika pa 0.10 pamene iye akulemba 0.05.

Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, chimanga cha manyowa a Mbeya chikanakhala chochepa kusiyana ndi chinacho, ukanakhala chete?" Anayankha kuti, "Ayi bambo, zimenezo alimi akanayenera kuzimva, chifukwa ena akusiya kugula feteleza podalira manyowawo." Yankho limeneli ndilo linasonyeza kuti funso lake linali la michira iwiri kuyambira pachiyambi.

One-tailed test ili ndi malo ake, koma iyenera kulembedwa mu proposal (ndondomeko ya kafukufuku) munthu asanapite kumunda, ndiponso pakhale chifukwa chomveka chakuti zotsatira zopita mbali inayo sizingasinthe chimene adzachite.

Mtsikanayo anasiya 0.072 mmene analili, anawonjezera confidence interval (malire awiri osonyeza pamene kusiyana kwenikweni kungakhale), ndipo analemba kuti nyengo ya dzinja ikubwerayi pafunika kuyeza minda yambiri kuposa imene iye anakwanitsa.