Kumtunda kuli eni ake

Ndiyambe ndi kuvomera kuti palibe anandituma. Atandisamutsa kuntchito kuchoka ku Lilongwe kubwera kuno ku Mangochi, anzanga onse ankadikira zithunzi za kunyanja, ine nditakhala pamchenga ku Cape Maclear, chambo chowotcha chili m'manja. Koma mtima wanga unali kwina. Madzulo ndikaima pa mlatho wa Bakili Muluzi, maso ankangothamangira kumapiri aja ali kutsidya kwa Shire, kamtima n'kumandinong'oneza kuti mwamuna weniweni amakagona kumeneko.

Ndiye ndinayamba kusonkhanitsa zida. Pa kaunjika ndinapeza tenti yobiriwira, jombo zokulirapo pang'ono, chikwama cha matumba 14, ndi tochi yomanga pamphumi ngati munthu wa mumgodi. Ndinagulanso wezulo. Ndinali nditawerenga kuti njovu zimayenda pakati pa Liwonde ndi nkhalango ya Mangochi, imene a African Parks anayamba kuiyang'anira mu 2018, choncho ndinakonzekera njovu. Ndinakonzekera fisi. Za njoka ndinaonera mavidiyo pa YouTube mpaka bando kutha kawiri.

Mayi a kunyumba, amene kwawo ndi ku Namwera, ankangondiyang'ana. Tsiku lina anafunsa mofatsa kuti, "Bambo a ana, nyumbayi timalipira lendi mwezi ndi mwezi, ndiye inu mukagone m'tchire?" Ataona kuti sindibwerera m'mbuyo, anaimbira foni mlongo wawo kuti andiperekeze, poopa kukhala wamasiye pa nkhani yosamveka.

Loweruka lina mu Seputembala tinakwera matola n'kukwera chitunda cha Chowe, galimoto ikulira ngati ikupepesa. Titatsika, alamu anandionetsa bambo wina wachikulire amene ankachidziwa chigwa chomwe tinkafuna kutsikamo. Alamu ankangowatchula kuti anganga, inenso ndinatengera pomwepo. Katundu wawo yense anali chikwanje, kampoto, ufa m'jumbo, ndi chitenje chimene anachikolekera paphewa. Kumapazi, patapata. Anayang'ana chikwama changa, anandiyang'ana ine, kenako anafunsa alamu kuti, "Abwanawa akusamuka?"

Dongosolo linali loti titsikire kumtsinje, tigone kumeneko, m'mawa tikwere kukaona mabwinja a Fort Mangochi, linga lomwe Angerezi anamanga atagonjetsa mfumu Jalasi mu 1895. Mbiri imeneyi ndinawafotokozera anganga njira yonse, ngati kuti phirilo ndi la kwathu. Iwo ankangoti, "Eya, abwana."

Kutsetsereka kuja sindidzakuiwala. Kanjira kake ndi ka mbuzi, miyala yotentha ngati chiwaya, udzu wouma woterera kuposa matope. Pasanathe maola awiri jombo zija zinali zitandipatsa matuza anayi, pamene patapata wa anganga ankangoti phathi phathi kutsogolo. Ndinatulutsa foni kuti ndione mapu. Netiweki inali itathawa, ndipo itabwerera inabwera ndi uthenga wondilandira ku Mozambique. Pathanthwe lina anyani anakhala pamzere n'kumationerera, wamkulu wawo akukhosomola monyoza.

Pansi m'chigwamo mtsinje unali utaphwera, madzi atatsalira m'maiwe pakati pa miyala ikuluikulu, ozizira bwino. Pambali panali mtengo wa bwemba utabereka mochititsa nsanje. Ine bwemba ndinkangomudziwa wa m'timapepala ta pamsika. Ndinayamba kuthyola n'kumatsopa, wina ndinamuviika m'botolo la madzi.

"Abwana," anatero anganga, "bwemba sadya ngati mtedza."

Ndinawauza kuti muli mavitamini.

Tikusankha pogona, ine ndinaloza kamalo kena kumtunda, pamene panali zitsamba zowirira bwino, zoyangayanga zitakwera m'mitengo ngati denga. Anganga anapukusa mutu. "Uko ayi. Kumtunda uko kuli eni ake. Ngakhale nkhuni musakatoleko."

Apa ndi pomwe sukulu inandipweteka. Pomva mawu oti eni ake, ine ndinaganiza za mizimu, poti ngakhale nkhalango ina ya chakumpoto kwake dzina lake ndi Namizimu. Ndinakhala pamwala n'kuwaphunzitsa anganga kwa mphindi ngati 20 kuti dziko linapita patsogolo, kuti masiku ano timayendera sayansi, kuti mantha oterowo ndiwo akutisaukitsa Amalawi. Alamu anatsegula pakamwa kuti anenepo kanthu, koma anganga anawaponda chala. Ndinaona ndithu, koma ndinayesa ngozi.

Tenti ija titaitambasula tinapeza kuti ikusowa mzati umodzi. Anganga anadula nsungwi, n'kuiimika ngakhale inapendekera ngati chipewa cha woledzera. Tinadya nsima ya usipa wootcha pamakala, ndipo ndinene zoona, nyenyezi za m'chigwa chija ndi zina. Ndinalowa m'tenti ndikudzimva kuti ndine munthu. Anzangawo anagona panja pafupi ndi moto.

Cha m'ma 1 koloko usiku bwemba anayamba msonkhano. Poyamba kunali kung'ung'udza chabe, kenako kunamveka ngati matola aja pa Chowe. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma sananenepo za chitseko cha zipi ya pa kaunjika, imene imasankha nthawi ngati imeneyo kuti igwire nsalu. Ndinatuluka chokwawa kudzera pansi. Pepala lakuchimbudzi ndinalifufuza m'matumba onse 14 osalipeza. Ndinadzamva mawa lake kuti alamu anakolezera moto.

Tsono ndipite kuti? Kumunsi kuli madzi amene timamwa. Pafupi pali alamu, munthu amene sasunga chinsinsi ngakhale cha maliro. Kunatsala kumtunda. Ndinadziuza kuti mpata wotsimikizira sayansi ndi umenewu.

Tochi ija inali itayamba kufiira ngati diso la nkhuku. Ndinalowa m'zoyangayanga zija ndikukankha ndi mutu ndi mapewa, ndipo ndinamva kafumbi kakundigwera m'khosi ndi kumsana. Sindinasamale. Nditamaliza zomwe ndinapitira, ndinapapasa mumdima kufuna masamba, dzanja n'kugwira tinthu tolendewera, tofewa ngati ubweya wa kamwana ka mphaka. Abale, ndinathokoza Mulungu. Ndinathyola tambiri.

Ine ndinabadwira ku Area 18. Chitedze chomwe ndinkachidziwa ndi malo a kafukufuku wa zaulimi aja ali panjira ya ku Mchinji. Palibe anandiuzapo kuti dzinalo linachokera ku chomera chokhala ndi zikhokhombe zaubweya, kuti chilimwe zikauma ubweyawo umathothoka ngakhale ndi kamphepo, ndipo ukalowa pakhungu umayabwa moti munthu wamkulu amaiwala udindo wake.

Ndinayenda masitepe ngati khumi. Kenako moto unabuka. Unayambira kumene ndinapukuta kuja, n'kukwera msana, khosi, m'khwapa, mpaka m'zikope poti ndinali nditapukutanso thukuta. Ndikakanda apa, apo pakuitana. Ndikakanda apo, pomwe ndakanda kale paja payambiranso mowirikiza. Manja awiri anachepa. Ndinadzikhuta pamtengo ngati ng'ombe, ndinagubuduka pansi, ndipo posowa chochita ndinaiika wezulo ija pakamwa n'kuiliza ndi mphamvu zanga zonse.

Tinali titapangana kuti wezulo ikalira ndiye kuti njovu. Alamu sanafunse. Pomwe ndinkafika pamoto ndikuvula malaya chothamanga, iwo anali kale pamwamba pa mtengo wa bwemba, akufuula kuti, "Zili zingati? Alamu, zili zingati?"

Anganga sanadzuke n'komwe. Anangotukula mutu n'kufunsa kuti, "Mwawapeza eni ake?"

Ndinadumphira m'tenti n'kumadzigudubuza pa bulangete, osadziwa kuti ndikufesa ubweya uja pogona panga. Ndinatulukanso n'kukadziponya m'dziwe. Kwa kamphindi ndinaona ngati ndapulumuka, koma nditangovuuka zinayambiranso. Apo n'kuti zovala zonse zitatayidwa uku ndi uku, ndatsala ndi jombo ndi tochi pamphumi.

"Lekani kukanda, mukuulowetsa," anatero anganga, tsopano atakhala tsonga. Anapalasa phulusa lozizira m'mphepete mwa moto, analisakaniza ndi dothi, n'kuuza alamu kuti atsike adzathandize. Iwo anandipaka kumsana. Mbali zinazo anati ndidzionere ndekha, chibale chili ndi malire. Kaya ndi phulusalo linathandiza kaya ndi nthawi chabe, ine panthawiyo akanati ndidzole ndowe ndikanafunsa kuti ya ng'ombe iti.

Ndiye tangoganizani: pakati pa usiku, m'chigwa, munthu wa digiri ali mbuu thupi lonse, akupondaponda mozungulira moto, miyendo ili tang'a. Alamu anakhala pansi chifukwa cha kuseka. Atapeza mpweya anati, "Alamu, ife kuno timangomva kuti kwanu ku Lilongwe kuli gule wamkulu. Zikomo potibweretsera."

Kuyabwa kutayamba kuzizira, m'bandakucha, ndinafunsa modandaula. "Koma anganga, bwanji simunangonena kuti kuli chitedze?"

"Ndimati ndinene," anayankha akusonkhezera moto. "Koma munali pakati pa sayansi. Kudula mawu munthu wophunzira ndi mwano."

Ku Fort Mangochi sitinafikeko. Zovala zanga zonse zinali zosavalika, pamodzi ndi zosinthira zomwe, popeza ndinazigudubuzira m'tenti muja. Anganga anazinyamula ndi ndodo n'kuziponya m'jumbo ngati njoka yakufa, ine n'kundibwereka chitenje chawo. Ndinakwera chitunda chonse chija nditamanga chitenje m'chiuno, jombo kumapazi, phulusa m'makutu. Anyani aja anali pathanthwe lomwe lija. Ulendo uno sanakhosomole, anangokhala chete, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Pamatola ndinaima njira yonse nditagwira chitsulo. Mayi wina wachifundo anasuntha dengu lake la tomato n'kunena kuti, "Khalani apa bambo, malo alipo." Ndinati zikomo mayi, ndimakonda kuona malo. Alamu anafotokozera galimoto yonse chifukwa chake, m'Chichewa kenako m'Chiyao kuti pasakhale wotsalira.

Titafika kunyumba mayi a ana anatsegula chitseko, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kujombo, ndipo sanafunse kanthu, poti nkhani inali itafika kale pa WhatsApp tili pa Chowe. Anangoti, "Madzi ndatenthetsa, Che Chitedze." Dzinalo linagwira. Ana a m'dera lathu amandipatsa nalo moni mwaulemu wonse, ena mpaka kugwada.

Tenti ija anaichapa katatu. Pano alamu amayanikapo mpunga ku Namwera, ndipo sabata yatha anaimba foni kufunsa ngati wezulo ija ndikuigwiritsabe ntchito, poti timu ya mpira ya kumudzi kwawo ikusowa ya oimbira.