Meseji yodilitidwa imabwerera kodi? Zomwe ndimauza abale anga

Kwathu ine ndi amene amandipatsira foni ikavuta, ndiye funso loti "meseji ija ndaidilita, ungaibweze?" ndalimva kambirimbiri, ndipo limabwera munthu ali kale ndi nkhawa. Nthawi zambiri sikhala meseji ya moni ayi, imakhala ya Airtel Money kapena Mpamba yokhala ndi nambala ya transaction, kapena ya manambala 20 a mayunitsi a magetsi omwe anali asanalowetsedwe pa mita, kapenanso mawu omaliza omwe munthu anakulemberani asanamwalire. Ndiye ndimafuna ndinene chilungamo chake, chifukwa pa intaneti pali ambiri olonjeza zinthu zomwe sizitheka.

Choyamba musathamangire kuyika app iliyonse. Yang'anani kaye mufoni momwemo. Ngati ndi Samsung ndipo mumagwiritsa ntchito Samsung Messages, dinani timadontho titatu tija pamwamba, muona Trash kapena Recycle bin, mameseji amakhalamo masiku 30 asanachoke. Pa iPhone kuyambira iOS 16 yomwe inatuluka mu 2022 muli Recently Deleted, nayonso imasunga pafupifupi masiku 30. Ambirife tili ndi Tecno, Itel kapena Infinix zomwe zambiri zimayendera Google Messages, apo pitani ku Archived komanso ku Spam & blocked, chifukwa chala chikangotsetsereka pa meseji imapita ku Archived munthu nkumaganiza kuti yadilitidwa pomwe ilipo bwinobwino. Azakhali anga omwe ndi msungichuma wa banki mkhonde anagona osadya poganiza kuti umboni wa ndalama zomwe mamembala anatumiza wapita, koma zonse zinali ku Archived, tinazibweza tili chiimire pakhonde.

Nanga ngati kumeneko kulibe? Apa mpomwe pamavuta. Android imasunga ma SMS onse mufayilo imodzi yotchedwa mmssms.db, ndipo mukadilita, foni siimafufuta mawuwo nthawi yomweyo, imangolemba kuti malo awa ndi opanda kanthu tsopano. Zili ngati kope la ngongole la pagolosale lolembedwa ndi pensulo, mwini wake akafufuta dzina mawu amaonekabe pang'ono mpaka atalembapo munthu wina. Meseji yatsopano iliyonse ikamalowa mwayi ukucheperachepera. Pa mafoni akalekale akatswiri amatha kutsegula fayiloyo nkutolamo zotsala, koma mafoni a masiku ano amabwera ali ndi encryption, yomwe ndi loko yobisa zonse zili mufoni, ndipo fayiloyo simungaifike popanda kupanga root, kutanthauza kudzipatsa mphamvu yofika m'mafayilo otetezedwa a foni, ndiye pa mafoni ambiri kuti mupange root mumayenera kutsegula loko ya bootloader, pulogalamu yomwe imayatsa foni, zomwe zimapukuta foni yonse, mwaona vuto lake? Mukufuna kupulumutsa meseji imodzi mwataya zonse.

Nchifukwa chake ma app aja olembedwa kuti amabweza chilichonse chodilitidwa sindiwakhulupirira. Ambiri amangokuonetsani mameseji omwe alipo kale kenako nkukuuzani kuti lipirani kuti muone ena onse, ena amangosunga zomwe zalowa app itaikidwa kale, zam'mbuyo sangazione. Ndipo kumbukirani kuti mukuwapatsa chilolezo chowerenga ma SMS anu onse, kuphatikizapo ma code a kubanki. Zimandiwawa kuona munthu watha bandulo, walipiranso, nkutsala wopanda kanthu.

Ngati ndi nkhani ya ndalama musataye mtima, meseji ija ndi lisiti chabe, mbiri ya ndalamazo ili kukampani. Pitani ku ofesi yawo ndi chiphaso chanu mukapemphe sitetimenti. Koma mawu a meseji ya m'bale wanu musayembekezere kuti akakupatsani pakauntala. Njira yachidule yomwe anthu amaiwala ndi kufunsa yemwe anatumizayo, mwina kwake ikadalipo.

Backup ya Google, kope la zinthu za mufoni lomwe limasungidwa pa intaneti, imathandiza, imatenga ma SMS ndithu ngati munaiyatsa ku Settings, Google, Backup, koma ili ndi khalidwe lake. Simungaitsegule nkuwerengamo meseji imodzi, imangobwera pomwe mukukhazikitsa foni yatsopano kapena yomwe mwaipanga reset. Komanso imadzisintha yokha, ndiye mukadilita lero mawa ikapanga backup yatsopano meseji ija mulibemonso. Foni ikakhala osagwiritsidwa ntchito pafupifupi miyezi iwiri Google imachotsa backup yakeyo, ndiye wobedwa foni yemwe akusonkhanitsa ndalama ya ina pang'onopang'ono atha kudzapeza kulibe kanthu. Ine mpomwe ndinasankha kuti kope langa lizikhala pa kompyuta, pomwe ndikutha kuliona ndi maso.

Mmene ndimachitira sizovuta. Pa Android ndimagwiritsa ntchito SMS Backup & Restore, ya ulere pa Play Store, imatenga ma SMS, ma MMS ndi mndandanda wa omwe munaimbirana nawo nkuziika mufayilo ya XML yokhala ndi deti m'dzina lake. Mumasankha kuti isunge mufoni momwemo, kenako mumalumikiza chingwe cha USB ku laputopu, pafoni musankhe File transfer osati Charging yokha, ambiri amakakamira pamenepa nkumati chingwe chafa, ngakhale nzoona kuti tizingwe tina totchipa ndi tongotchajira basi. Mukatero kokerani fayiloyo mufoda yanu. Bandulo siifunika olo pang'ono pokopera. Mameseji opanda zithunzi salemera, a zaka zingapo amakwana pa kafulashi kakang'ono. Tsiku lobweza, app imapempha kuti ikhale kaye app yaikulu ya mameseji, mulole, ikamaliza mubwezeretse yakale ija.

A Samsung muli ndi Smart Switch ya pa kompyuta yomwe imatenga mameseji pamodzi ndi manambala ndi zithunzi. A iPhone ndi iTunes kapena Apple Devices pa Windows, pa Mac ndi Finder kuyambira macOS Catalina ya 2019, ndipo mukasankha backup ya pasiwedi muilembe penapake chifukwa mukaiwala backup imeneyo simudzaitsegulanso. China choti musasokoneze, Google Messages ya pa browser ija yomwe mumawerengera mameseji pa kompyuta si backup ayi, imangoonetsa zomwe zili mufoni, mukadilita uku kwinakonso zachoka.

WhatsApp ndi nkhani ina payokha, siilowa mu app ya backup ya ma SMS ija. Ili ndi backup yake ya Google Drive kapena iCloud, ndipo kuyambira 2024 ya pa Android imadya nawo pa 15GB yaulere ya Google, ndiye ikadzaza ndi mavidiyo a m'magulu backup imaima. Macheza omwe ndi ofunika kwambiri, a landilodi, a bizinesi, a malemu mayi anu, tsegulani chat, More, Export chat, imatuluka fayilo ya mawu yomwe mutha kuwerenga pa kompyuta iliyonse. Siibwereranso mu WhatsApp koma mawu ndi madeti ake alimo.

Amene amandidetsa nkhawa ndi makolo athu a timafoni ta mabatani. Inbox ikadzaza amadilita zonse kuti yatsopano ilowe, SIM nayo imangosunga mameseji ochepa kwambiri. Kumeneko ine ndimangojambula sikirini yake ndi foni yanga meseji imodziimodzi yofunika, kapena kutumiza mamesejiwo ku nambala yanga kuti alowe mu backup yanga.

Fayilo ya XML ija aliyense woitsegula atha kuwerenga zonse, mabalansi, ma code, zinsinsi za banja. Ndiye musaisiye pa kompyuta ya ku internet cafe kapena ya kuntchito, ndipo mukamapereka foni kwa okonza kuti akaiflashe pangani backup musananyamuke kunyumba chifukwa kuflasha kumapukuta zonse. Ine ndimakopera mwezi ukatha, fayilo imodzi pa laputopu ina pa fulashi yomwe imakhala mudilowa, ndipo ndisanazule chingwe ndimatsegula kaye fayiloyo ndione ngati meseji ya dzulo ilimo.