Visa yatuluka, ndiloleni ndithokoze

Abale anga zatheka. Pasipoti yabwera ili ndi visa mkati, September uno ndikupita ku University of Glasgow ku UK kukapanga Master of Public Health pa scholarship ya boma la UK yotchedwa Chevening. Ambuye ndinu wabwino, mwandipukuta misozi, ulemu ndi wanu nokha. Ndikulemba thupi lili lefu chifukwa tulo leni leni ndinasiyana nalo kalekale, ndiye mukaona ndikudumphadumpha nkhani mundikhululukire, mtima wadzadza.

Ambiri mukudziwa kale momwe chakachi chandiyendera, amene munkandifunsa kuti bwanji mwawonda chonchi yankho lake ndi limeneli. Sindibwereza zonse. Koma pali munthu mmodzi amene ndikapanda kunena za iwo pano ndiye kuti ndachimwa, Madamu amene anali supervisor wa research yanga ya chaka chomaliza ku koleji. Anapuma ntchito, ali kwawo ku Thyolo, ndipo dzina andiletsa kutchula koma amene tinadutsa mmanja mwawo mwawadziwa kale.

Ine ndinawaimbira kungofuna reference basi, paja Chevening imafuna anthu awiri okuchitira umboni. Madamu anati, mwananga sindingalembere umboni munthu amene sindikudziwa kuti akufuna akatani kumeneko, nditumizireni zonse zomwe mwalemba. Ndinatumiza ma essay onse anayi a pa fomu, ya utsogoleri, ya kagwiridwe ka ntchito ndi anthu ena, ya chifukwa chomwe wasankhira makosi atatu omwe ukufunsira malo, ndi ya zomwe udzachite ukabwerako, nthawi imeneyo iliyonse mawu osapitirira 500. Mawa lake usiku anaimba okha ndi ma units awo. Anati apa ndawerenga lipoti la ofesi ya zaumoyo, labwino ndithu, koma inuyo muli pati? Inuyo ndi manja anuwo munachita chiyani?

Ndinakhala chete. Ife tinaleredwa kuti kudzitchula wekha ndi matama, ntchito ndi ya gulu, ukachita bwino anene ndi ena. Koma anthu akunjawa safuna zimenezo, akufuna uwauze poyera kuti vuto linali ili, ine ndinachita chakuti, zotsatira zake ndi izi. Madamu anati siyani kaye pepalalo, tandiuzeni za namondwe wa Freddy ngati mukuuza mayi anu. Ndiye ndinayamba kufotokoza za March 2023 kuno ku Phalombe, anthu atadzadza mmakalasi a pulayimale, zimbudzi zitagwa, mijigo ina itamira mmatope, pomwe kolera anali atatizunza kale kuyambira 2022. Ndinawauza momwe ndinasonkhanitsira ma HSA, alangizi a zaumoyo a mmidzi, amene anatha kufika, tinkasungunula chlorine mmawa uliwonse nkumathira mu ndowa iliyonse yochokera kotunga, koma amayi a pa kampu anakana, amati madziwa akununkha mankhwala, ena amati mukufuna mutitseke kubereka. Tsiku lina ndinaitana amfumu, ndinatunga kapu mu ndowa ya gogo wina amene ankakanitsitsa nkumwa yonse anthu akuona, amfumu nawo anamwa, kenako gogo uja anaseka nkuti thiraninso mu chigubu ichi. Ndikumaliza kufotokoza ndinali ndikulira pa foni. Madamu anangoti, eya, lembani zimenezo, osawonjezera osachotsa.

Kuyambira pamenepo sanandisiyenso. Ankasindikiza ma essay anga pa sitolo ina pa Thyolo boma, nkulemba ndi bolopeni yofiira ngati kale lija, kenako mdzukulu wawo nkujambula mapejiwo kunditumizira pa WhatsApp. Zithunzi zina zosaoneka bwino, zina chala cha mwanayo chitatchinga mzere, koma ndazisunga zonse ndipo sindidzazifufuta. Mayi wopuma ntchito, maso akuvuta, penshoni yake tonse tikuidziwa, kumakhala mpaka usiku kuwerenga za mwana wa eni ake. Madamu, ndikubwezerani chiyani ine?

Fomu tinatumiza kumayambiriro kwa November 2023, magetsi atathima, laputopu ndikutchaja kwa achimwene a barbershop pa msika amene ali ndi sola, ndipo sanandilipiritse ngakhale tsiku limodzi, Mulungu akudalitseni achimwene. Masiku omwewo kwacha inagwa ndi 44 peresenti ndipo ndalama yomwe ndinkasunga ya mayeso a IELTS inangosanduka yosakwana. Anthu ambiri sadziwa izi, Chevening payokha siifunsanso mayeso a Chingerezi koma yunivesite ndi imene imafuna, ndipo ndalama yake ndi ya mthumba mwako. Alongo anga a ku Joni, munatumiza pa Mukuru osafunsa mafunso ambiri pomwe inunso muli ndi lendi yanu ndi ana anu, zikomo achimwene, ndikudziwa mmene ndalama imeneyo mumaipezera. Mayesowo si masewera, gawo lomvetsera amakuseweretsa kamodzi kokha, ukaphonya yapita. Ndinkafuna 6.5 ndipo inakwana. Gawo loyankhula ndinkayeserera ndi Madamu omwewo pa foni, iwo kufunsa ine kuyankha, akamva ndayamba kuthamanga amati pumani kaye, palibe akukuthamangitsani.

Pomwe ndinatsala pang'ono kusiya ndi pa nkhani ya mapepala. Transcript yokha ndinaiyendera mpaka nsapato kutha, lero osayina kulibe, mawa makina avuta, mkuja bwerani sabata ya mawa, ndipo ulendo uliwonse ndi transport yochokera ku Phalombe komanso tsiku la ntchito lotayika. Itatuluka, yunivesite ina mwa zitatu zija inayankha kuti digiri yanga siikufanana ndi giredi ya ku UK ya 2:1 yomwe iwo amafuna. Zaka zinayi za thukuta, credit yanga yomwe amayi anavinira pa graduation, munthu kungoikana ndi mizere iwiri ya imelo. Tsiku limenelo ndinauza bambo a kunyumba kuti basi zandikwana, mwina si zanga. Ndinawalemberanso Madamu kuti pepani ndakutayitsani nthawi. Sanayankhe uthengawo, anaimba, ndipo aka kanali koyamba kundikalipira. Anati sukulu imodzi yakana, zatsala zingati? Usiku womwewo analemba kalata yofotokoza momwe magiredi a kuno amayendera, kuti distinction ndi chiyani, credit ndi chiyani, research yanga inali yotani, kuti ndikaike pamodzi ndi mapepala opita kwinako. Kaya ndi kalatayo kaya ndi chisomo chabe, chomwe ndikudziwa ndi choti Glasgow inandipatsa malo.

Za intavyu ku British High Commission ku Lilongwe ndinene mwachidule. Ndinakwera basi mtima uli mmwamba njira yonse, Zalewa, Ntcheu, Dedza sindinaone kanthu. Madamu anali atandipanikiza kale ndi funso limodzi mobwerezabwereza, mukabwerako mudzachita chiyani chaka choyamba, osati maloto a zaka makumi awiri, chaka choyamba, paja lamulo lake ndi loti ukamaliza ubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Funso lomwelo linabweradi. Mmawa wa tsikulo anandiimbira nkupemphera nane ndili pa geti, pemphero lalifupi, Ambuye mwanayu mukumudziwa, mutsegulireni pakamwa.

Kenako kudikira. Eee kudikira kumapweteka abale, foni ikangolira mtima phaa, kutsegula imelo kupeza ndi zotsatsa malonda. Uthenga unabwera mu June koma ngakhale pamenepo sunamalize, amati wasankhidwa koma ubweretse unconditional offer, kalata ya yunivesite yoti malo wapatsidwa popanda chotsalira, isanakwane deadline ya mu July, kenako kukajambulitsa pachifuwa za TB, kudikira CAS, nambala ya ku yunivesite yofunsira visa, fomu ya visa, kukapereka zala. Chilichonse chili ndi tsiku lake lotsekera ndipo ukaphonya chimodzi zonse zagwa. Ndi chifukwa chake ndinali chete, sikunali kubisa kapena kunyada ayi, ndinkaopa kulengeza chinthu chisanapse.

Bambo a mwana, mwaphika, mwachapa, mwagoneka mwana ine ndili pa laputopu, anthu akukunenani kuti mkazi akapita kunja sabwerera, inu nkumangoti apite akaphunzire. Ndimakulemekezani. Amayi anga mwavomera kudzakhala ndi mdzukulu wanu chaka chonse, ndipo nditayamba kulira za kumusiya munandiuza kuti walira mvula walira matope, pita mwana tisamala. Apa pokha ndiye mtima ukuwawabe, mundipempherere. Abwana anga amene munalemba reference yachiwiri ndi kuthamangitsa za tchuthi cha sukulu, ma HSA anzanga amene nkhani yanu ndi imene yanditengera kumeneku, amayi a Mvano amene munkapemphera osadziwa nkomwe kuti CAS ndi chiyani, zikomo, zikomo kwambiri.

Pali enanso amene munadutsa njira yomweyi, munapita kunja nkubwerako, ndinakulemberani mwaulemu kungopempha kuti mundionereko tsamba limodzi, mpaka lero uthenga uli ndi ma tick awiri a buluu. Wina munandiuza mtengo. Sindikusunga mangawa, mwina munatanganidwa, koma zinandipweteka, ndipo dzulo ndaona ena mwa inu muli oyamba kulemba kuti tinkadziwa kuti mukhoza. Chabwino, ndalandira.

Madamu ndinawafunsa kuti ndikugulireni chiyani, anakana, anati mudzawerengere ena ma essay awo basi. Ndiye amene mukufuna kuyesa ulendo uno, makamaka anzanga a mmaboma amene mumaona ngati izi ndi za anthu a mtauni okhaokha, fomu ya Chevening ndi yaulere, musalipire munthu. Muyenera kukhala ndi digiri komanso maola 2,800 a ntchito, zomwe ndi pafupifupi zaka ziwiri, ndipo transcript yambani kuitsata lero lomwe musadikire akuitaneni. Ndilembereni ku inbox, ndiwerenga, ndikachedwa kuyankha mundikumbutse musaope.

Amene mwaimba osandipeza pepani, ndikuyankhani mmodzimmodzi. Loweruka ndikupita ku Thyolo ndi bambo a mwana ndi mwana yemwe, ndanyamula mpunga ndi nandolo wa kwathu kuno, Madamu mukane musakane tikasiya pakhonde.